Maganyu a Njuchi

Tambala asanalire kachiwiri
ndili kale m'dimba, kumunsi kwa Mtandire,
nthenga ya nkhuku kudzanja.
Duwa la dzungu limayasama m'mawa mokha;
dzuwa likakwera, latseka, za lero zatha.
Ndiye ndiyenda chowerama,
kutapa ufa wachikasu pa duwa lalimuna
n'kukapaka pa lalikazi,
limodzilimodzi, ngati wopereka mgonero.

Ntchitoyi sinali yanga.
Eni ake ankabwera osaitanidwa,
osatchula mtengo, osapempha ya sopo.
Ankagona m'phanga la mkuyu pa dooko paja.
Mkuyuwo unawotcha njerwa za a Yotamu,
njerwazo lero ndi nyumba zinayi za lendi.
A Yotamu sindiwada.
Fizi ya ana awo siidikira, ngati ya anga.
Nanenso, nsabwe zitagwa pa repu,
ndinapopera mpaka botolo linauma
osafunsa kuti wina wamwa ndani.

Alangizi atandionetsa za nthengayi ndinaseka
mpaka chitenje chinamasuka.
Ine, mayi wa ana atatu, kukwatitsa maluwa?
Chaka chimenecho maungu anayanga dimba lonse,
masamba ngati maambulera,
koma tizipatso tinkagwa tili ngati chala.
Kuseka kunathera pomwepo.

Kale Lingadzi ankatisowetsa tulo ndi achule.
Tinkawatukwana.
Lero usiku kuli zii,
woimba watsala ndi udzudzu,
ndipo uyu amalipiritsa:
Elube wanga wagona kuchipatala katatu
chichokereni mvula.

Mabango ndiwo ankagwira mtsinje pamkono
ukaledzera.
Tinawasenga, mchenga tinakweza pa malole.
Mu Febuluwale madzi analowa kwa Nasibeko osaodira,
anatenga mbuzi, mbaula,
ndi satifiketi ya mwana wake
imene ankaisunga m'jumbo pansi pa matiresi.

Kadzidzi tinamugenda, ati ndi mthenga wa maliro.
Makoswe anamva, anaitanizana,
akuvina ukwati m'thumba la chimanga.

M'mimba mukapotokola
tinkangotsika ndi chikwanje kukasenda muwawani.
Dzulo mumsika andionetsa kakhungwa,
kochepa kuposa bokosi la machesi,
mtengo wake wa maungu anga asanu.

M'bandakucha ndimakumana ndi Dzalanyama
akulowa m'tauni pa njinga,
matumba atatuatatu, wakuda bii,
anyamata akukankha, thukuta lili chuchuchu.
Ndimawapatsa moni. Ndimagulanso.
Ndiphikire chiyani, mawu a pa wailesi?
Kenako ndikaima pamzere ku kiyosiki,
mpopi utsokomola, utsokomola,
n'kulavula dothi m'ndowa mwanga,
ndipo tonse timayang'anana
ngati sitidziwa kumene madzi amabadwira.

Palibe anatiuza kuti tinali ndi antchito.
Sanalembedwe m'kaundula wa khonsolo,
sanaguba ndi zikwangwani potisiya.
Anangochepa, kuchepa,
monga amathera mchere m'kabotolo,
umadziwa tsiku limene ndiwo zazizira.

Chaka chino ndasiya mzere umodzi osalima.
Amene akudutsa akuti ulesi.
Mwamera chisoso, bonongwe, denje,
ndawazamo mpendadzuwa,
ndipo m'mphepete ndazika timitengo ta katope
timene mbuzi za eni zikutiyesa ndiwo.

Dzana kunabwera imodzi.
Ndinaimva ndisanaione.
Ndinaweramuka, nthenga ndinabisa kumbuyo
ngati wogwidwa atavala malaya a mwini.
Inalowa m'duwa, inatuluka ili mbuu,
inalowa lachiwiri, lachitatu,
osandiyang'ana n'komwe,
kenako inauluka kuoloka mtsinje
kulowera ku Eriya 47,
kumene mitengo ili m'mipanda ya waya.

Ndinawerenga otsala:
makumi asanu ndi limodzi, kudza anayi.
Dzuwa linali litafika kale pa denga la a Yotamu.
Ndinapukuta nthenga pachitenje,
msana unalira,
ndinawerama.